Moto wa Manja Anayi

Panali mayi wina, dzina lake Nachisale, amene ankakhala m'mudzi wa kuseri kwa phiri. Mwana wake wamkazi, Delifa, anakwatiwa ndi mnyamata wochokera kudera lina, dzina lake Lufeyo. Mnyamatayo anabwera kudzakhala chikamwini, namanga nyumba yake kumapeto kwa bwalo la apongozi ake.

Nachisale ankamukonda mkamwini wakeyo, koma sanamuuzepo. Akanamuuza bwanji? Iye analeredwa ndi anthu osunga mwambo, amene anamuphunzitsa kuti mpongozi ndi mkamwini sayang'anana m'maso, sadyera pamodzi, ndipo sakhala pa mphasa imodzi. Akamuona Lufeyo akubwera m'njira, ankapatukira pa udzu n'kugwada, nkhope atalozetsa kumbali. Lufeyo naye ankavula chipewa n'kudutsa chowerama. Motero nkhope ya mkamwini wake mayiyo sankaidziwa bwino. Ankadziwa msana wake, kayendedwe kake, ndi mizere yake ya kumunda. Mawu onse a pakati pa awiriwa ankadzera mwa Delifa. Denga la nkhokwe likayamba kudontha, mayi ankauza Delifa. Mkamwini akabwera ndi ndiwo, ankapatsira Delifa kuti akapereke. Zinthu zinkayenda bwino chomwecho, ndipo panalibe wodandaula.

Chaka china, dzinja lili pakati, Delifa anachira ku chipatala cha kutsidya kwa phiri, napatsidwa mphatso ya mwana wamkazi. Womudikirira kumeneko anali mayi ake omwewo. Tsiku lowatulutsa, Lufeyo anafika m'mawa ndi njinga. Msewu waukulu unali utakokoloka ndi mvula, magalimoto atasiya kuyenda, choncho anagwirizana zodzera njira yachidule ya m'phiri, imene imawoloka timitsinje tiwiri.

Delifa anakhala pa kaliyala, Lufeyo akukankha njinga, katundu atamumangirira kutsogolo. Nachisale ankabwera m'mbuyo chapatali pang'ono, khanda lili m'manja. Kunali dzuwa lowala bwino. Mayiyo ankayenda akung'ung'udza nyimbo, ndipo pafupipafupi ankavundukula nsalu kuti aonenso kamphuno ka mdzukulu wake. Kamphunoko kanali kotukuka kunsonga. Iye anafufuza mumtima abale ake onse, amoyo ndi omwalira, osapeza mwini wake wa mphuno yotere.

Pofika pamiyala anaitana mwana wake. "Delifa, uwauze abambo a mwana achepetse liwiro, akukugwedeza."

"Amayi akuti muchepetse liwiro."

"Uwauze amayi kuti ndamva."

Onse atatu ankamvana bwinobwino, pakuti mtunda wa pakati pawo unali woti ngakhale munthu atatsokomola, mnzake akanamva. Delifa ankangoseka, n'kumapititsa mawuwo uku ndi uku.

Kamtsinje koyamba anawoloka madzi akulekeza m'mawondo. Koma atakwera chitunda, mitambo yakuda inatulukira kuseri kwa phiri. Kunayamba mphepo, kenaka mvula, kenaka matalala. Kumeneko kulibe mudzi, kulibe munda, kulibe ngakhale chisakasa cha abusa. Nachisale analowetsa khanda m'bulauzi mwake, pakhungu penipeni, navundikira beseni kumutu, nawerama. Matalala ankalira pa beseni lija ngati ng'oma ya ana. Onse anafulumira kuti akawoloke kamtsinje kachiwiri kasanadzaze, koma anakapeza katasanduka mtsinje weniweni, madzi ali psuu, akukokolola zitsa ndi nthambi. Sanafunike kubwerera kuti akaone koyamba kaja. Ankadziwa kuti nako kadzaza. Anali atatsekeredwa pakati.

Lufeyo anathamanga uku ndi uku mpaka anapeza thanthwe lalikulu lopendekeka, pansi pake pali malo ouma, onunkha mbira za m'miyala. Malowo anali ochepa. Nachisale anakhala kumapeto, nkhope italoza kukhoma. Delifa anakhala pakati. Lufeyo anakhala pakhomo, phewa limodzi likuvumbwa, chifukwa choopa kuyandikira apongozi ake. Mayi anachita kutuma mwana wake kawiri kuti mkamwiniyo alowe.

Mvula inachepa, koma mphepo sinachepe. Zovala zonse zinali zitanyowa, za pathupi ndi za m'chikwama zomwe. Youma inali nsalu imodzi yokha, imene anakulungira khanda. Delifa, amene thupi lake linali lisanabwerere m'malo, ankanjenjemera mpaka mano kugundana. Lufeyo anatulutsa machesi m'thumba la malaya. Bokosi linali litafewa, ndipo mitu ya machesiyo inkangonyenyeka ngati dothi. Anayesa onse mpaka anatha.

Pamenepo anauza Delifa kuti awauze amayi ake asade nkhawa. Anati malemu amalume ake, amene ankafula njuchi m'mapiri, anamuphunzitsa kupeka moto ndi mitengo iwiri. Nachisale anali atamvapo za kupeka moto, koma anali asanakuonepo. Moto umene ankaudziwa unali wa machesi, ndi wokapala kwa mnansi pa phale. Komabe sanakhale manja lende. Pamene mkamwini ankathyola nthambi yakufa ya mpoza n'kuiwaza ndi mpeni kuti apeze mtima wake wouma, mayiyo anakwawira kumkati kwa thanthwe, napisa dzanja m'ming'alu. Anapeza chisa chakale cha mbewa, cha udzu wosalala wouma bwino. Anapeza masamba ndi timitengo touluzidwa ndi mphepo m'chilimwe. Anatisanja pansi monga ankachitira kukhitchini kwake: toonda ngati tsache patokha, tonga chala patokha, tokulirapo patokha.

Lufeyo anasema chikuni chija kuti chikhale chophwatalala, nabowola kadzenje pafupi ndi m'mphepete, nadula kampata. Anachiponda ndi phazi. Anaimika kamtengo kowongoka m'kadzenjemo, nayamba kukapukusa pakati pa zikhatho, uku akukanikizira pansi. Manja ake ankatsika ndi kamtengoko pang'onopang'ono mpaka kufika m'munsi. Akafika m'munsi ankasiya, n'kukwezanso manja pamwamba kuti ayambirenso. Patapita nthawi kunatuluka kautsi kochepa, kenaka kanazimirira. Anayambanso. Kautsi kanabwera, kanapita. Anapuma, napemerera manja ake ozizira, nayambanso.

Nachisale ankayang'ana ndi ngodya ya diso. Aka kanali koyamba kuti ayang'anitsitse manja a mkamwini wake. Anaona kuti zikhatho zatuluka matuza, ndipo mikono yayamba kulefuka. Anaonanso chinthu china. Utsi unkakula manja akamatsika, ndipo unkafa pa kanthawi kaja manja akamakwera. Kutentha konse kumene mnyamatayo ankasonkhanitsa movutikira kunkathawa pa kanthawi kameneko.

Anati, "Delifa, uwafunse ngati ntchito imeneyi saigwira anthu awiri."

Delifa sanayankhe.

Mayi anabwerezanso, natembenuka. Mwana wake anali atatsamira mwala, maso ali theka, milomo itachita mbuu. Anali atasiya kunjenjemera. Ankalankhula chapansipansi kuti amusiye agone pang'ono, sakumvanso kuzizira. Nachisale anakulira kumapiri, ndipo ankadziwa kuti munthu wozizidwa akasiya kunjenjemera, moto asanauone, sikuti wafundidwa ayi.

Lufeyo funso lija analimva, ndipo yankho anali nalo, koma analibe womupatsira. Anayang'ana njinga imene anaitsamiritsa pakhomo, nailankhula njingayo. Anati amalume ake nyengo yozizira sankapeka okha, ankapeka ndi mnzawo.

Nachisale anatulutsa khanda, nalilowetsa pachifuwa pa mayi wake, nawamanga onse awiri ndi nsalu youma ija. Anamusisita Delifa m'masaya mwamphamvu, namuuza kuti akagona amutsina. Kenaka anayenda ndi mawondo. Mtundawo unali waufupi, koma chikwatiwire mwana wake anali asanauyendepo. Anakagwada moyang'anizana ndi mkamwini wake, mawondo awo atatsala pang'ono kukhudzana, ndipo anadzutsa nkhope.

"Bambo, ndionetseni pogwira."

Lufeyo anazyolika.

"Musazyolike," anatero mayiyo. "Ndiyang'aneni, kuti ndidziwe nthawi yolandira."

Mnyamatayo anadzutsa nkhope. Ndipo pakati pa mantha onsewo Nachisale anaona mphuno yotukuka kunsonga, ili pakati pa nkhope ya munthu wamkulu. Anatsala pang'ono kuseka.

Lufeyo anafotokoza. Anati manja ake akapitirira pakati pa kamtengo, amayi aike awo pamwamba n'kuyamba kupukusa iye asanasiye. Asadikire kuti kamtengo kaime. Iwonso akatsika, iye alandira pamwamba. Kamtengo kasapume ngakhale pang'ono.

Ulendo woyamba manja awo anagundana, kamtengo kanadumpha n'kukagwera uko. Mayi anapepesa, mkamwini anapepesa, mayi anapepesanso chifukwa chopepesetsa mkamwini. Ulendo wachiwiri Nachisale anachedwa kulandira chifukwa choopa kukhudza zala za mkamwini wake. Utsi unafa. Pamenepo mayiyo anati zopepesana azisungire mawa, lero agwire ntchito.

Ulendo wachitatu anazindikira kuti ntchitoyi ankaidziwa kale. Inali ngati kusinja awiri mumtondo umodzi, pamene musi wina umatsika wina ukukwera, ndipo aliyense amayang'anira mnzake osati mtondo. Anayamba kung'ung'udza nyimbo ya pamtondo. Manja ake anatsika, a Lufeyo analandira. A Lufeyo anatsika, ake analandira. Posakhalitsa anamva mawu aakulu akuvomera nyimboyo chapansipansi, mosadziwa bwino mayendedwe ake, koma pa nthawi yake. Zala zawo zinkakhudzana pa kulandirana kulikonse, ndipo palibe amene anazilabadira.

Utsi unabwera, ndipo ulendo uno sunachoke. Unakula, unada, unayamba kuwawa m'maso. Ufa wakuda unkaunjikana pa kampata kaja. Zikhatho za Nachisale zinkatentha ngati wagwira mphika wa pamoto, mapewa akuwawa, koma nyimbo sanaisiye. Kenaka Lufeyo anati aime. Anachotsa kamtengo mosamala. Ufa uja unkafuka wokha, popanda woupukusa. Mkati mwake munali kakhala kofiira, kochepa ngati njere ya mawere.

Manja a mnyamatayo anali atalefuka kwambiri moti sakanatha kukanyamula. Apa ndiye panafika pa ntchito ya Nachisale, amene m'mawa uliwonse wa moyo wake ankadzutsa moto wogona m'phulusa. Anagwetsera kakhalako m'chisa cha mbewa chija, nachipinda ngati akufukata mwanapiye, nachikweza kumaso. Lufeyo anakoka mpweya wambiri kuti auzire, koma mayiyo anamugwira mkono. Anauzira yekha, pang'onopang'ono, motalika. Anapuma. Anauziranso. Utsi unatuluka pakati pa zala zake, woyera, wochuluka, ndipo mwadzidzidzi chisacho chinati lawi.

Anachiika pansi msanga, nayamba kuikapo timitengo toonda ngati tsache, kamodzikamodzi, mosiya mipata yopumira. Tija titagwira anaikapo tonga chala. Lufeyo, chimwemwe chitamukwera, anathamangira panja n'kubwera atanyamula chikuni chachikulu ngati ntchafu, chikudontha madzi. Nachisale anaseka mpaka misozi.

"Bambo, khanda lobadwa lero mukufuna kulipatsa chimanga chokazinga?"

Mnyamatayo anayang'ana chikunicho, nayang'ana kamoto kaja, nayamba kuseka nayenso. Chikunicho anachiika pambali pa moto kuti chiziuma, pamodzi ndi nkhuni zina zonyowa zimene anatola. Motowo unakula mwa dongosolo lake. Thanthwe linayamba kubweza kutentha, ndipo malo aja, amene anali ngati dzenje lozizira, anasanduka nyumba.

Anamunyamula Delifa awiriwiri n'kumuyandikizitsa. Mayi anamuvula zonyowa, mwamuna wake akuyanika nsalu pamoto n'kumapereka ikangofunda. Anatereka madzi m'kapoto ka kuchipatala, nathiramo shuga amene anatsala, namumwetsa pang'onopang'ono. Patapita nthawi Delifa anayambanso kunjenjemera, ndipo Nachisale anathokoza Mulungu chifukwa cha kunjenjemerako. Milomo inabwerera mtundu wake. Khanda, limene linali chete nthawi yonseyi, linalira mokwiya ngati munthu amene amuchedwetsera chakudya, ndipo litapatsidwa bere linayamwa mwaphokoso.

Delifa atatsegula maso bwinobwino anaona chinthu chimene sanachionepo. Mayi ake ndi mwamuna wake anali atakhala phewa ndi phewa, akutsutsana za mbali yoyenera kuikako chikuni chachikulu chija. Anawayang'ana nthawi yaitali, osakhulupirira. Kenaka anafunsa ndi mawu ofooka.

"Amayi, ndiwauze chiyani abambo a mwana?"

"Iwe imwa madzi akowo. Ndawauza kale ndekha."

Anaseka onse atatu, Delifa atagwira pamimba chifukwa kuseka kunkamuwawa, koma osatha kusiya.

Chakumadzulo mitambo inang'ambika, dzuwa linasuzumira pansi pake, ndipo phiri lonse linanyezimira. Nsalu zinkafuka nthunzi pamiyala. Lufeyo anamasula kathumba, natulutsa chimanga chachiwisi chimene anathyola kudimba m'mawa kuti akawapatse kuchipatala, n'kuiwala chifukwa cha chisangalalo choona mwana. Anachiotcha. Poyamba anafuna kukadyera panja, koma Nachisale ananyema chimanga chimodzi pakati, namupatsa theka m'manja. Pomupatsapo anaona zikhatho zake, matuza ataphulika, khungu litasupuka. Anatenga mafuta odzoza khanda, nagwira manja a mkamwini wake, nawadzoza limodzi ndi limodzi. Ake omwe anali ndi matuza, koma anati anthu akale manja awo sachedwa kupola.

Ndipo anacheza. Nachisale anamva zinthu zimene akanatha kufa osazidziwa. Anamva kuti mnyamatayo mayi ake anamwalira iye ali wamng'ono, ndipo nkhope yawo saikumbuka. Anamva kuti amaopa achule kuposa njoka. Anamva za tsiku limene njuchi zinathamangitsa amalume ake mpaka kukadziponya m'dziwe, chipewa chokha chikuyandama pamwamba. Mayiyo anaseka mpaka kutsamwa ndi chimanga. Iyenso anamuuza mkamwini wake zimene anazisunga mumtima kuyambira kale: kuti m'mudzi monse mulibe wolima mizere yowongoka ngati yake, ndi kuti amayi anzake akamadandaula za akamwini awo kuchitsime, iye amasowa chonena. Lufeyo anaika chimanga chake pansi. Anangoyang'ana moto, maso atadzaza, akumwetulira.

Anagona pomwepo, akusinthana kusonkheza. Kutacha anapeza mtsinje utaphwa, madzi akulekeza m'chiuno mwa munthu wamkulu, koma akuthamangabe. Kutsidya kunali anthu a m'mudzi mwawo. Iwo anali ataona utsi m'phiri dzulo lake, pamalo pomwe sipakhala munthu, ndipo analawirira ndi zofunda kudzaona.

Lufeyo anabereka mkazi wake, namuwolotsa. Anabwerera, nawolotsa njinga ndi katundu. Anabwereranso kachitatu, naima m'madzi pafupi ndi gombe, osadziwa chochita. Nachisale anali ataima pamwala, khanda atalimanga pachifuwa. Kutsidya mudzi wonse unkayang'ana: alongo ake, amayi anzake, ndi akuluakulu amene anamulangiza ali namwali. Mnyamatayo anayamba kuyang'ana uku ndi uku kufuna ndodo yaitali yoti apongozi ake agwire kunsonga.

Nachisale anatambasula dzanja lake la matuza. "Gwirani, mwana wanga. Miyala ya umu ndi yoterera."

Analowa m'madzi atagwirana, Lufeyo kumtunda kwa madzi kutchinga mphamvu yake, mayi ndi khanda kumunsi, akuyenda phazi ndi phazi. Anthu a kutsidya ankawayang'anitsitsa mpaka anafika pakati pa mtsinje. Pamenepo mayi wina wachikulire anayamba nthungululu, ndipo ena onse analandira. Ena amati ankalulutira khanda, ena amati ankalulutira chimene anaona. Nachisale sanafunse. Anatuluka m'madzi nsalu ikudontha, akuseka, navundukula mdzukulu wake kuti anthu amuone.

Tsono inu amene mwakhala pano, ulemu ndi chinthu chabwino, ndipo sindikuti muutaye. Koma ena mwa inu muli ndi munthu amene mumakhala naye bwalo limodzi, mumamufunira zabwino, koma mawu anu onse kwa iye amadzera mwa wina. Wapakatiyo tsiku lina adzatopa, kapena adzakhala chete. Ndipo pali ntchito zina m'banja, mumpingo ndi m'mudzi zimene manja awiri sangazithe, ngakhale akhale amphamvu chotani, chifukwa kutentha kumathawa pamene munthu akupuma. Mukaona mnzanu akupeka yekha, manja ake akutsika, musadikire kuti asiye kaye ndipo inu mudzayambe zanu. Senderani pafupi, muyang'aneni kumaso, ndipo landirani kamtengo kadakazungulira.